Mafani Akuzungulirabe

Pabenchi yomwerapo tiyi paboda ya Mchinji, Sufiyan, dalaivala wa thiraki, anakhala moyandikana ndi mayi wina amene anafungatira batire.

"Batireyo ndi ya njinga yamoto, mayi?"

"Ayi, bambo akunyumba amakonzera madalaivala mapepala a katundu. Kompyuta yawo inkatentha n'kuzima, ndiye wokonza anawonjezera mafani n'kuwalumikiza ku batire yawoyawo."

"Zinathandiza?"

"Mafani akuzungulira bwinobwino. Kompyutayo ndiye inafa Lachiwiri."

"Nanga batire mukupita nayo kuti?"

"Kokatchajitsa. Madalaivala akamamva mafani akulira amati ntchito ikuyenda, sachoka."

Sufiyan anapsontha tiyi.

"Ofesi yawo ndi ya chitseko chobiriwira ija?"

"Eya, mukuidziwa?"

"Ndakhala ndikumvetsera mafaniwo kuyambira Lachiwiri."