Ndinamva Denga la Mgodi Likulankhula ku Hamilton

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, a kuno ku Hamilton, a ku Scarborough, ndi inu a kumudzi amene mawuwa akupezani. Ndine Fanuel, koma ambiri mumandidziwa kuti bambo a Tadala, uja woyenda motsimphina amene amakhala mpando wakumbuyo kutchalitchi. Ndikufuna ndikuuzeni za zaka ziwiri zimene ndinakhala wopanda ntchito m'dziko lino la Canada, mpaka ndinatsala pang'ono kusiya mkazi ndi ana kuno n'kubwerera kwathu ndekha.

Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi mumgodi wa malasha kumpoto kwa dziko lathu. Gulu lathu linali loboola misewu ya pansi, njira zimene anthu ndi ngolo amadutsamo popita kumene kuli malasha. Woboola msewu ndiye amakhala patsogolo penipeni, pamene denga lisanachirikizidwe ndi kanthu kalikonse. Tisanayambe ntchito tinkatenga chitsulo chachitali n'kugogoda denga, onse tili chete. Denga labwino limalira kuti ngwee, momveka bwino. Loipa limalira mogonthera ngati mgolo wopanda madzi. Koma nthawi zina denga limayamba lokha kuthetheka, pang'onopang'ono, ngati nkhuni zouma zikamagwira moto. Ife tinkati denga likulankhula. Likayamba kulankhula sufunsa funso, sutola fosholo, umangokuwa n'kuliyatsa liwiro.

Tsiku lina denga linalankhula, ine ndinamva, ndinakuwa, tonse tinathawa. Koma mnzanga Gondwe anabwerera kuti akatenge chitsulo chake choboolera, ndipo ine ndinamutsatira kuti ndimukoke. Gondwe sanatuluke. Ine ananditulutsa ndi mwendo wophwanyika, ndipo ntchito ya mumgodi inathera pomwepo.

Mkazi wanga Esnart ndi namwino. Patapita zaka zingapo anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Hamilton, ndiye tonse tinasamuka, ine, iyeyo ndi ana athu awiri. Ndinafika ndili ndi mtima wokwera, ndikuti dziko lodzaza mafakitale ngati lino silingasowe pogwira munthu wa manja awiri. Ndinadzinamiza. Kulikonse kumene ndinkapita ankandifunsa ngati ndinagwirapo ntchito muno mu Canada, ngati kuti munthu amabadwa atagwirapo kale. Ku mafakitale a zitsulo ankandilandira bwino, koma ndikangoimirira kuti ndiyende, maso awo ankatsikira pamwendo, basi nkhani yatha. Munthu wina wothandiza alendo kulemba makalata ofunsira ntchito anandilangiza kuti ndichotse za mgodi papepala langa, chifukwa m'chigawo chino mulibe migodi ya malasha ndipo zingochititsa anthu kuganiza za ngozi yanga. Ndinamvera. Zaka khumi ndi chimodzi ndinazifafaniza ndi dzanja langa.

Ndiye ndinakhala. M'mawa ndiperekeze ana pokwerera basi, ndibwerere, ndiime pawindo kuyang'ana utsi wa mafakitale amene anandikana. Esnart anayamba kugwira mashifiti awiri. Ankafika miyendo itatupa, n'kuiviika m'beseni la madzi ofunda. Bwenzi atandinyoza, mwina mtima ukanapepukako, koma iye ankangofunsa kuti, "Mwaswera bwanji, bambo a Tadala?" Funso limenelo linkandipweteka kuposa mwendo. Ndinkadziona ngati mwana wachitatu m'nyumba, wodya kwambiri kuposa anzake.

Panalinso vuto lina limene ndinkachita nalo manyazi. Makutu anga sanatuluke mumgodi muja. Nthawi yozizira mapaipi otenthetsa nyumba akayamba kuthetheka, ndinkapezeka ndaimirira kale, ana akundiseka kuti adadi akuopa hita. Ndinapemphera kambirimbiri kuti Mulungu andichotsere phokoso limeneli m'mutu. Ndinkati, Ambuye, mwendo mwausiya chonchi, ntchito simunandipatse, ndiye chotsaniko makutu a kumgodiwa ndipume. Sanachotse. Kunena zoona ndinamukwiyira, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkapita kutchalitchi kungoperekeza banja.

Chaka chachiwiri chikutha ndinamanga mfundo. Ndinaimbira achimwene anga kumudzi kuti andikonzere kanyumba kanga kakale, ndipo ndinawapempha kuti asauze munthu. Ndinati ana akangotsekera sukulu mu Juni, ine ndinyamuka. Ndinadziuza kuti Esnart apepukidwa, pakamwa pamodzi pachepa. Iye sindinamuuze.

Thandizo linachokera kumene sindinkayang'anako n'komwe. Tinapita kuphwando la Amalawi ku Scarborough, ine ndinapita mokakamizidwa, ndipo ndinakhala pakona. Pafupi nane panakhala Che Yusufu, bambo wachisilamu wa ku Mangochi amene ali ndi kagulu ka anthu okolopa m'maofesi. Sitinkadziwana. Anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Achimwene, nkhope imeneyi ndikuidziwa, inenso ndinaivalapo. Mwaapulaya malo angati?"

"Ndinasiya kuwerenga," ndinayankha.

"Mopu mungaigwire? Ndili ndi malo ku Hamilton komweko. Mayi amene amakolopako apita kutchuthi cha uchembere. Ndi miyezi itatu yokha, musati ndakulonjezani zambiri."

Ndinavomera, ndipo mumtima ndinati miyezi itatu ikwanira bwino mpaka Juni.

Malowo anali kampani yaing'ono ya mainjiniya. Tsiku loyamba nditalowa n'kuona zithunzi zimene zinali pakhoma, ndinaseka ndekha, ndinati Mulungu tsopano wayamba kundiseka poyera. Zinali zithunzi za migodi ya malasha. Anthu amenewa ankapanga zipangizo zoyendetsera makina akuluakulu oboola misewu ya pansi, ntchito yanga yomwe ija, koma yogwiridwa ndi chitsulo chokhala ndi mano. Nthawi imeneyo woyendetsa ankaima pang'ono kumbuyo kwa makina atanyamula rimoti. Iwo ankafuna kumuchotsa pamenepo kuti azikhala kutali, m'kachipinda kotetezeka, akuona zonse pa sikirini, makinawo azidula malasha n'kumakhomera okha mabawuti ochirikiza denga. Cholinga chinali choti pasapezekenso munthu pansi pa denga losachirikiza.

Ndinkamvetsera zokambirana zawo ndikupukuta magalasi, ndipo zina ndinkaona kuti akuzimvetsa mokhota. Koma sindinatsegule pakamwa. Ife tinaleredwa kuti wokolopa salowerera nkhani za mabwana, ndiponso papepala langa panalibe mgodi. Kwa iwo ndinali Fanuel wa mopu, wopereka moni mwaulemu.

Tsiku lina masana, mwezi wa Meyi, ndinkakolopa pafupi ndi chipinda chimene mainjiniya asanu ankaonera filimu. Inali yojambulidwa mumgodi wina kumadzulo kwa Canada, kumene ankayesera makina awo, ndipo chitseko chinali chotsegula. Phokoso la makina linali lalikulu, kenako makinawo anaima kaye, kunakhala bata. M'bata limenelo ndinamva. The, the, kenako kachete, kenako the the the motsatizana.

Sindikumbukira kuganiza chilichonse. Ndinangomva mawu anga akukuwa m'Chichewa, "Tulukani! Thawani!" Ndowa ndinaigunda, madzi anayenderera mpaka pansi pa matebulo, ndipo ndinapezeka ndili pakhomo lotulukira panja, mwendo wodwalawo utaiwala kuti ndi wodwala. Nditacheuka, anthu asanu aja anali akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kumbuyo kwawo filimu inkapitirira. Posakhalitsa sikirini yonse inadzaza fumbi, kenako mdima.

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Ndinayamba kupukuta madzi ndikupepesa, ndikuganiza za Che Yusufu amene ndamuchititsa manyazi kwa makasitomala ake. Mkulu wa mainjiniyawo, mayi wina dzina lake Helen, anabwera n'kuima pamene ndinagwada. Ndinamupempha m'Chingerezi kuti asandinenere. Iye anati, "Siyani kaye madziwo. Filimuyi munaionapo kale?"

Ndinati ayi.

"Nanga mwadziwa bwanji kuti denga ligwa?"

"Linalankhula, mayi," ndinatero. "Simunamve?"

Anandikhazika pampando, ine ndi yunifomu yanga yonyowa, n'kundifotokozera. Denga lija linagwadi n'kukwirira makina, koma palibe anavulala chifukwa woyendetsa anali kutali. Vuto linali lakuti woyendetsayo sanadziwe kanthu mpaka zitachitika, ndipo ikanakhala nthawi imene amakanika amapita kutsogolo kukasintha mano a makina, bwenzi tikunena zina. Munthu ukamuchotsa pansi pa denga, wachotsanso makutu ake pamenepo. Filimuyo mainjiniyawo anali ataionera maulendo ambiri kufunafuna chizindikiro ndi maso. Kaphokoso kaja anakamva, koma ankayesa kuti ndi zitsulo zikuzizira, ndipo anali atagwirizana zokasefa kuti kasamasokoneze woyendetsa.

Pamenepo ndinafotokoza zonse zimene ndinafafaniza papepala, za chitsulo chogogodera, za mwendo, za Gondwe. Mayi Helen sanandikhulupirire msanga, ndipo sindimuimba mlandu. Anandiveka zomvera m'makutu, anandikhazika chofulatira sikirini, n'kuyamba kuyika mawu ojambulidwa m'malo osiyanasiyana, kuti ndikamva denga loipa ndikweze dzanja. Tinachita zimenezi mpaka nthawi yoweruka. Sikuti ndinalondola zonse, penapake ndinakweza dzanja pachabe, koma malo amene denga linadzavutadi ndinawagwira. Pomaliza anandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete milungu yonseyi. Ndinati kwathu si ulemu kulankhula usanafunsidwe. Anapukusa mutu n'kunena kuti ulemu umenewo ndiusiye pakhomo pamodzi ndi mopu.

Sabata yotsatira anandilemba ntchito. Ntchito yake inali yomvetsera. Ndinkakhala ndi zomvera m'makutu tsiku lonse, ndikuyika chizindikiro pamene denga layamba kulankhula, kuti mainjiniya aphunzitse kompyuta kuzindikira phokosolo n'kuchenjeza woyendetsa ali kutali. Ndinawafotokozeranso za kugogoda denga, ndipo anayamba kuganiza zoyika kachitsulo pamakina kogogoda m'malo mwa munthu. Sindinasanduke injiniya, musandimve molakwa, masamu awo mpaka lero amandizunguza mutu. Koma akakangana pa phokoso linalake ankati, tiyeni timufunse Fanuel. Ndipo chodabwitsa, nditayamba kumvetsera phokosoli masana monga ntchito, mapaipi a kunyumba anasiya kundidzidzimutsa.

Nditapita kukapepesa kwa Che Yusufu kuti ndikusiya miyezi itatu isanakwane, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwanditayira madzi, mwandithawanso ntchito. Alhamdulillah! Pitani achimwene, mopu ndipezera wina."

Chinatsala chinali chovuta kuposa zonse, kuuza Esnart zimene ndinakonza mobisa. Ndinasankha Loweruka m'mawa ana atapita kosewera mpira. Ndinamuuza zonse, za kanyumba ka kumudzi, za Juni, ndipo ndinapempha kuti andikhululukire. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Achimwene anu anandiimbira kalekale, kufunsa ngati inenso ndikubwera."

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sananene.

"Ndinkadikira kuti munene nokha. Ndinkangopemphera. Tsiku lililonse ndikamachokera kushifiti, ndisanavule n'jekete lomwe, ndinkayamba ndayang'ana ngati nsapato zanu zili pakhomo."

Ndinalira, abale, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Ine ndinkayesa kuti ndine katundu m'nyumba muja, pamene mkazi wanga ankabwera ndi mantha tsiku ndi tsiku kuti apeza ndapita.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anakana pemphero langa lakuti andichotsere makutuwa, ndipo anandiyankha limene sindinkadziwa kupempha. Ndikuthokoza chifukwa cha Che Yusufu, amene sapemphera nafe koma anatumidwa, ndi Mayi Helen amene anafunsa funso m'malo mondithamangitsa. Inu amene mwakhala pawindo miyezi yambiri, amene mwafafaniza zaka zanu papepala chifukwa wina anati kuno zilibe ntchito, musataye mtima ndipo musasiye kupemphera. Koma koposa zonse musamange mfundo muli nokha ngati mmene ndinachitira ine. Lankhulani ndi a m'nyumba mwanu lero lomwe, chifukwa mwina alipo amene akukulirirani chamumtima inu mukuganiza zowasiya. Ambuye akusungeni nonse.