Ndinalira Maliro a Munthu Wamoyo

Abusa, amayi abusa, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundikhululukire, ndiyankhula nditatsamira mpandowu, thupi silinabwerere m'chimake.

Mnzanga wa ku wodi, kuchipatala komwe ndimagwira ntchito, Mpakistani, anatiitana ku ukwati wa mng'ono wake kwawo, kumapiri a kumpoto kwa dziko lawo. Ine ndi bambo a Chisomo tinatenga leave n'kupita. Abale, kunja kuno kuli maiko! Mchenga, miyala, mapiri osamera ngakhale kamtengo. Mudzi uliwonse chilankhulo chake, zipewa zake, mapempheredwe ake. Galimoto kumangokwera, kumangokwera, ife mafupa kuphwanyika.

Tili pamwamba, bambo anayamba mutu, kusanza, befu. Ndinati, "Bambo, mpweya ndi wochepa kuno, titsike." Mukuwadziwa amuna athuwa. Akuti, "Ndi malungo awa, ndipatse fansida. Ine wa ku Dedza, phiri lingandiopse?" Malungo, dziko lopanda udzudzu ndi umodzi womwe!

Kutacha, milomo ya bambo inali itada, pachifuwa pakumveka ngati madzi owira. Ndine namwino, ndinadziwa kuti akapanda kutsika lero, ndibwerera kuno ku Smethwick ndili wamasiye. Koma phiri linali litagumukira mumsewu wotsikira. Mnzanga uja anali atatsogola kale. Dalaivala anapita kukafuna thandizo, osabwerako. Ndinagogoda m'makomo ndi Chingerezi changa, anthu kumangondiyang'ana.

Ndinatopa, abale, ndinatopa. Pemphero linandithera. Ndinangomanga chitenje m'chiuno, kukhala pamchenga, manja kumutu, n'kuyamba kulira mwa chikwathu: "Mayo ine! Mayo amuna anga!"

Amayi amene sanamve Chingerezi changa aja anamva maliro. Anatuluka m'nyumba n'kundizungulira, wina kundipukuta misozi ndi mpango wake. Kenaka anatembenukira amuna awo n'kuwakalipira, mmene timachitira ifenso. Amunawo anawaika bambo pabedi lazingwe, kuwasenza, kudutsa nawo pogumuka paja. Mudzi wa kumunsi unali wa mtundu wina, koma anthu ake anangolandira bedilo pamapewa, monga timalandirirana bokosi kwathu. Ine pambuyo, kukoka miyendo. Koma ulendowu sunali wa kumanda, unali wa kuchipatala.

Ukwatiwo sitinauone. Mawa ndili pa shift, mapazi akadali otupa. Komabe zikomo Yehova, zikomo. Bambo a Chisomo, taimirirani anthu akuoneni. Ndi awo, akupuma! Amayi, kuchipululu anandithandiza kulira ndi alendo. Inu abale anga, ndithandizeni nthungululu!