Mayi Delia Chulu, Omanga ndi Omasula Mkuzi

Abusa, mafumu, akumpingo ndi anamfedwa nonse, zikomo. Nayi mbiri ya mayi athu agona apawa.

Dzina lawo ndi Delia Miti Chulu. Anabadwa m'chaka cha 1953 kumtunda, ku Katete. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mochedwa, ndipo anaphunzira zaka zinayi zokha. Baibulo ankawerenga bwinobwino. Kulemba ankati kumawatopetsa dzanja, ndipo dzanjalo lili ndi ntchito zina.

Mu 1973 anakwatiwa ndi bambo Yotam Chulu, Mkunda wa konkuno ku Malama, amene ankagwira ntchito ya misewu ku Katete. Chaka chotsatira bambo anatsogola kudzamanga nyumba. Mayi anatsatira okha, ali ndi pakati, pamwamba pa lole yodzatenga thonje. Loleyo inawatsitsa kutada. Bambo kunalibe, uthenga unali usanawapeze. Chikunda mayi sankamva. Kuthengo mitengo inkathyoka, iwo osadziwa kuti ndi njovu. Msana utauma gwa, mimba ikukoka. Anawatola ndi mayi wina wapamudzi, a Agness. Anawagoneka pamphasa, nawatikita ndi mafuta a msikizi mpaka kukoka kuja kunaleka. Mwanayo anabadwa pa nthawi yake. Ndi a Ruben, akhala apowa. Ntchito yawo mayi anaiphunzira m'manja mwa a Agness omwewo.

Ntchitoyo inali yosamalira amayi oyembekezera. Wa msana ankamutikita. Wa mseru ankamununkhiza khungu la ndimu ndi kumumwetsa madzi a jinja. Wotopa miyendo ankamuviika mapazi m'madzi ofunda. Wosowa tulo ankakhala naye pakhonde, akumuimbira nyimbo za m'buku chapansipansi. Mwanamphepo, mankhwala aja ofulumizitsa kubereka, ankadana naye kwambiri. Ankati mwana si mbuzi yoti uikoke ikakana kutuluka m'khola. Wojomba kusikelo ankamulondola mpaka kumunda wa thonje, n'kumuuza pamaso pa mwamuna wake kuti manja awo sayeza magazi, anyamuke basi.

Koma ambiri mukuwadziwira mkuzi. Mayi amene mimba zake zinkapita padera ankamumanga m'chiuno ulusi wa thonje wopota okha. Mfundo imodzi. Lamulo lake limodzinso: womanga ndiye womasula. Wina akadula, ankati mwana amasokera njira. Mwezi ukakwana ankayenda wapansi kupita kuchidikiro, kunyumba ija amayi amadikirirako kubereka pachipatala, kukamasula. Anamwino ankawaseka kuti afika adokotala a ulusi. Chitseko ankawatsegulirabe.

Mayi anali a Chigwirizano cha amayi kuyambira mu 1981. Akulu a mpingo anawaitanapo pa nkhani ya mkuziyi. Iwo anayankha kuti mu ulusimo mulibe mankhwala, umangogwira mtima wa mayi kuti usathawe. Anaonjeza kuti awiri mwa akulu ofunsawo anabadwa atamasulidwa ndi manja omwewo. Mlandu unathera pomwepo. Bambo Chulu anatisiya mu 2009, koma mayi ntchito sanaleke.

Chaka chatha mu Ogasiti anamanga a Tecla, akazi a mdzukulu wawo Festus. A Tecla anali atapita padera katatu. Mu Disembala mayi anagwa pakhomo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerera kunyumba osayenda, mawu osamveka. Dzanja lamanja linafumbata, osatambasukanso. Analitikita ndi mafuta awo omwe, koma ayi.

Mwezi watha a Tecla anapita kuchidikiro, tsidya la Lupande, mvula isanatseke njira. Mkuzi uli m'chiuno. Kenako Lupande anadzaza. Kuwaolotsa mayi kunakanika. Kuwabweza a Tecla kunakanikanso. Lamulungu lapitali matenda a kubereka anayamba. Dzuwa linalowa, mwana osatsika. Ambulansi yoti iwatengere kuchipatala chachikulu inali itatitimira m'matope. Anamwino anabwera ndi sizasi kuti adule ulusi, mtima wa mayiyo ukhale pansi. A Tecla anaugwira ndi manja awiri, akulira kuti ayambe adula iwo. A Festus anaimba foni kuno kumudzi. A Millicent, mwana wa malemu amene ankawadwazika, anaika foniyo pakhutu pa mayi. Mayi anamvetsera kubuula konse kwa a Tecla. Anangoyang'ana kuchitseko.

Za Lolemba m'mawa tinena monga tauzidwira. A Mateyo, oyandikana nawo nyumba, ankachokera kumunda kolondera njovu, kum'mawa kukuyera. Akuti anakumana ndi mayi wa duku loyera akutsetserekera kumtsinje, akuyenda ngati mtsikana. Anamupatsa moni. Sanayankhe. Atacheuka kuyang'ana pamatope, mapazi anali awo okha, a mayiyo panalibe. A Millicent akuti mayi sanasunthe pamphasa. Akuti nthawi yomweyo ndi imene anapuma kotsiriza, mwakachetechete, maso ali kuchitseko komweko. A Tecla akuti anamva manja ozizira m'chiuno, ndi fungo la msikizi. Anamwino akuti m'chipindamo simunalowe munthu. Ulusi anaufuna pabedi, m'nsalu, pansi, osaupeza. Mwana analira dzuwa likutuluka.

Amayi a Chigwirizano posambitsa thupi, dzanja lija linatambasuka lokha. M'katimo munali ulusi wa thonje. Wonyowa. Wopanda mfundo. Ife abanja sitionjezapo mawu. Tauika m'bokosi momwemo.

Malemu atisiya ali ndi zaka 72. Asiya mng'ono wawo, a Janeth, amene afika dzulo kuchokera ku Katete. Asiya ana anayi: a Ruben, a Cathrine, a Langford ndi a Millicent. Asiya adzukulu khumi ndi asanu ndi anayi, ndi zidzukulutudzi zisanu ndi chimodzi. Wachisanu ndi chimodziyo ndi wamkazi. Pamaliro pano palibe. Ali tsidya lija ndi mayi ake, akudikira madzi aphwe. Tamva kuti akuyamwa bwino.

Manja a mayi Delia Chulu apumule. Iwonso apumule mu mtendere.