Wotchi ya a Evaristo Pamkono wa Munthu Wina

Nthawi ndi 12 koloko masana, Lachinayi pa 15 Febuluwale 1979. Moni a ku Cochrane, a ku Puerto Bertrand ndi nonse amene muli ndi nkhosa kumapiri. Ndawerenga zilengezo pawailesi ino zaka khumi ndi chimodzi. Amene mwamanga kale chishalo pahatchi kuti mupite kumaliro, yambani mwamva zonse zisanu.

Choyamba ndi chomwe tinawerenga dzana ndi dzulo. A Doña Clorinda Millacura a ku El Maitén akudziwitsa abale ndi abwenzi, makamaka alamu awo a Segundo ku Puerto Bertrand ndi mwana wawo Ernestina ku Coyhaique, kuti amuna awo a Don Evaristo Huenchullán, omwe anakwera ndi nkhosa kumapiri mu Disembala, amwalira. Thupi linapezeka Lolemba mumtsinje wa Baker. Nkhope inali itawonongeka ndi madzi, choncho anawazindikira ndi wotchi yopukusa yomwe inali pamkono. Mwambo woika m'manda ndi lero 4 koloko. Chilengezochi chachokera kwa a Doña Clorinda Millacura.

Chachiwiri chafika m'mawa uno ndi a Mateluna, dalaivala wa lole yonyamula ubweya. A Don Evaristo Huenchullán akudziwitsa akazi awo, abale ndi abwenzi kuti ali moyo. Ndibwereza: ali moyo. Mawu awo ndi awa: "Clorinda, usandikwirire! Ndamva maliro anga pawailesi ya mnzanga ndili pakati pothira nkhosa mankhwala. Wotchi ija ndinasinthitsa ndi ya batire kwa wamalonda woyenda ndi mahatchi awiri, Lachisanu lapitali. Ndikudziwa inali ya bambo ako, tikakambirana ndikatsika. Iwe Segundo, chishalo changa usachikhudze, ndimakudziwa." Chilengezochi chachokera kwa a Don Evaristo Huenchullán, omwe asindikiza chala chawo pansi pa kalatayi.

Chachitatu. A Don Baltasar Oyarzún, okonza mawotchi pafupi ndi positi ku Cochrane, akudziwitsa banja la a Huenchullán kuti olakwa ndi iwo. Apolisi atawabweretsera wotchiyo, anatsegula chivindikiro chakumbuyo napeza zomwe anazokota ndi singano yawo, monga amachitira ndi wotchi iliyonse yomwe aitsuka: dzina la mwini wake ndi chaka. Mawu awo ndi awa: "Ndinalumbira kuti ndi Evaristo, poti munthu amene wapukusa wotchi m'mawa uliwonse zaka makumi awiri sangaitaye chifukwa cha kachidole kamanambala ofiira. Ndinadziwa mwini wotchi, mwini mkono sindinamufunse. Comadre Clorinda, bwenzi langa lakale, mundikhululukire." Chilengezochi chachokera kwa a Don Baltasar Oyarzún.

Chachinayi tachiwerenga kuyambira Lamlungu, ndipo palibe anachiganizira, ngakhale ine. A Doña Herminda Cárcamo a ku Chile Chico akufunafuna amuna awo a Don Lisandro Barría, a zaka makumi asanu, omwe amayenda ndi mahatchi awiri kusinthitsa mawotchi a batire ndi akale. Analonjeza kufika Loweruka pa ubatizo wa mdzukulu wawo, koma sanafike. Akuti ali ndi chizolowezi chovala wotchi iliyonse yomwe angolandira kumene, n'kumaipukusa masiku atatu kuti aone ngati imasunga nthawi. Amene wawaona adziwitse wailesi ino. Chilengezochi chachokera kwa a Doña Herminda Cárcamo.

Ine sindithamangira kugamula. Sindinena kuti amene agona m'bokosi ku El Maitén ndi ndani. Ndingowerenga chachisanu, chomwe chabwera ndi lole yomweyo, poti dalaivala anayamba waima pasiwa n'kuuza a Doña Clorinda za kalata ya amuna awo.

A Doña Clorinda Millacura akudziwitsa onse amene anaitanidwa kuti bokosi silitsitsidwa lero, koma anthu asabalalike. Kwa amuna awo akuti: "Tsika, nkhalamba iwe, ndikuone ndi maso anga. Chabatirecho ukachisiye komweko." Kwa a Doña Herminda akuti: "Mayi, sitidziwana. Lole ya Mateluna ibwera kudzakutengani mawa m'mawa. Mwina si iwo, Mulungu achite chifundo. Koma ngati ndi iwo, dziwani kuti sanagone okha. Ndinawasambitsa ndi manja anga, ndawaveka malaya a ukwati a amuna anga, ndipo ndawalira masiku atatu ndi mtima wonse. Wotchi a Baltasar aiumitsa, ikuyenda. Ndikuipukusa m'mawa uliwonse mpaka mufike." Chilengezochi chachokera kwa a Doña Clorinda Millacura.

Zilengezo zathera pamenepa. Amene muli pafupi ndi nyumba ya a Doña Herminda ku Chile Chico, chonde pitani msanga. Iwo samaphonya pulogalamu ino, ndipo amamvera ali okha.