Ndodo Yakhumi ndi Chisanu ya Bambo Idwal Prydderch

Malemu achimwene anga, Bambo Idwal Prydderch, anabadwa pa 9 Malichi 1957 konkuno ku Tywyn, ndipo anali oyamba m'banja la ana atatu. Abusa ndi anamalira nonse, ine ndine Emrys, mzime wa m'banjamo. Ndikamapumira m'njira mundikhululukire, ndatopa.

Sukulu anayamba mu 1962, koma tisanamizane pamaliro: sukulu sinawakonde, iwonso sanaikonde. Mtima wawo unali pabwalo la gofu la kuseri kwa njanji, kumene ankathamangitsa nkhosa kuti apeze pomenyera kampira. Mu 1976 anasiya ntchito ya kugalaja n'kuyamba kudyera gofu. Bambo athu anangopukusa mutu.

Mu 1981 anamanga banja ndi Mayi Eirlys m'tchalitchi chomwe chino, ndipo Mulungu anawapatsa Nest, kenako Gethin. Kuchokera apo mbiri yawo ndi ya pamsewu basi. Lero ku Spain, mawa ku Sweden, mkuja ku Kenya kapena ku Malaysia. Ena munkati Idwal akudyerera. Akudyerera chiyani? Zimene ankaona ndi mabwalo a ndege ndi zipinda zogona alendo zonunkha fodya. Anapambana kamodzi kokha, ku Portugal mu 1986. Mipikisano yambiri inkawatulutsa Lachisanu anzawo akupitirira, iwo n'kulongedza kulowera dziko lina. Khirisimasi iliyonse ankalonjeza kuti chaka chamawa akhala pakhomo, ndipo alamu anga anamva lonjezo limenelo mpaka makutu kuwawa.

Tsopano ndafika pa zimene malemu anandituma. Mu Novembala 1991 anapita kukalimbirana chiphaso chosewerera m'mipikisano ikuluikulu ya chaka chotsatira. Mukudziwa nonse kuti m'thumba la wosewera simuloledwa ndodo zomenyera kampira zoposa khumi ndi zinayi. Atamaliza kulowetsa kampira m'dzenje loyamba mvula inayamba, ndipo posolola ambulera anapeza pansi pa thumba kandodo kafupi, kamene iwo eni anadulira Nest. Mwanayo, wa zaka zisanu ndi ziwiri panthawiyo, anakaponyamo kunyumba kuti atate ake azimukumbukira kumene akupitako.

Palibe wina anakaona. Akanatha kukakankhira pansi n'kukhala chete, koma malemu anaitana woyang'anira masewero n'kudzineneza okha. Iye anawalanga powalemba ngati amenya kawiri kowonjezera, chikhalirecho pa gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa. Pamapeto a mpikisano chiphaso chinawaphonya ndi kumenya kumodzi kokha, ndipo m'mipikisano ikuluikulu sanabwereremonso.

Kuyambira 1992 ankaphunzitsa ana gofu pabwalo lathu lomwe lija, mpaka pamene anapuma mu 2022. Koma Nest anakula ndi katundu pamutu. Anamva akuluakulu akunong'onezana kuti ndiye anaphera atate ake tsogolo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanagwirenso ndodo ya gofu. Munthu akangotchula 1991, iye ankatuluka m'chipinda. Atate ake nawonso anali duu. Ife a Prydderch tikhoza kukamba za mvula tsiku lathunthu, koma za mumtima zimatikanika, ndipo zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero.

Mu Okutobala 2023 malemu anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Anayenda ulendo wa kuchipatala ku Bangor mpaka thupi linakana, ndipo anatisiya pa 11 Febuluwale 2025 kunyumba kwawo.

Nest, mwana wa achimwene anga, dzutsa nkhope undimve. Sabata yawo yomaliza atate ako anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndinene izi pamaso pa anthu onse amene ankanong'ona aja. Anati pofika 1991 anali atatheratu. Ankasanza m'mawa uliwonse wa mpikisano, koma analibe mtima woti anene kuti zakwana. Ataona kandodo kako pansi pa thumba, anadziwa kuti pali munthu amene akuwafuna kunyumba. Anati sunawalande kanthu, unawabweza kwawo, ndipo amachita manyazi kuti analephera kukuuza ndi pakamwa pawo.

Malemu asiya akazi awo Mayi Eirlys, ana awiri Nest ndi Gethin, zidzukulu zitatu, mlongo wawo Mayi Gwenda, ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, abambo a kwaya, ndi amayi amene atikonzera tiyi ndi buledi wa zipatso m'holo ya tchalitchi. Musathawe, tikachoka kumanda tonse tipite kumeneko.

Ndodo zawo khumi ndi zinayi tazipereka kwa ana a pabwalo, monga anafunira. Kandodo kakang'ono kaja anakasunga m'thumba zaka zonsezi, ndipo m'mawa uno alamu anga akaika m'bokosi, pambali pa dzanja lawo lamanja. Achimwene, mwayenda mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere. Kumene mukupitako palibe adzawerenge ndodo zanu.