Mbale Imene Ndinkalawa Pageti la Ndende

Abusa, Amayi Busa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ayi, Ameni ameneyo ngwanjala. Ndati aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndineneretu, umboni wanga si wosalala ayi. Muli madandaulo, ndipo ena mukhumudwa nane pang'ono. Mundipirire, paja mumandidziwa, ine ndikasunga mawu m'mimba ndimadwala.

Kwa alendo, ine ndine uja wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, mukangopitirira msika wa Kawale. Ndili ndi mnzanga, dzina lake Filimoni. Si m'bale wanga wamagazi, koma tinachokera limodzi ku Dedza, tinakwera lole imodzi, tinagona mphasa imodzi m'kachipinda ka lendi ku Biwi tisanakwatire. Ine ndinagwira sipanala, iye anaphunzira galimoto, n'kuyamba kuyendetsa lole yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Mumpingo muno ndi iye anandikokera. Akuluakulu mukukumbukira, ankaimba besi m'kwaya.

Chaka chija zamatipate zitangoyamba, tsiku lina mvula ikugwa, Filimoni anagunda mnyamata wapanjinga. Mnyamatayo anafera pomwepo. Filimoni sanathawe, anakadzipereka yekha kupolisi. Khoti linati ankathamangitsa galimoto, n'kumulamula kukakhala kundende zaka zitatu. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kumudzi, poti lendi akanalipira ndi chiyani? M'tauni muno Filimoni anatsala ndi ine ndekha.

Lamulungu lotsatira ndinaima pompano, pamene ndaimapa. Ndinati, "Abale, m'bale wathu ali m'ndende, tiyeni tizikamuona." Manja anakwera, abale anga! Manja mbwee, tchalitchi chonse. "Tipita, tipita." Tsiku lopita litafika, pasiteji ndinali ndekha ndi jumbo yanga. Wina akuti kuli chinkhoswe, wina akuti mwendo, wina akuti minibasi zakwera mtengo. Sinditchula maina, musaweramitse mitu. Ndikungonena kuti zinandiwawa, ndipo zinandiwawa nthawi yaitali.

Inu amene simunapiteko, kundende kuli lamulo. Ukabweretsa chakudya, msilikali wa pageti amavundukula mbale, amabaya nsima ndi kamtengo kuona ngati sunabisemo kanthu, kenako amati, "Lawani." Utema mbamu, usunsa m'ndiwo, umeza iye akukuyang'ana pakhosi. Ngati wabweretsa thobwa, umwako kaye. Akuti amaopa kuti ungamuthirire mkaidi poizoni. Ine magazi anawira. Ine kumuthirira poizoni Filimoni? Munthu amene tinkafunda naye bulangete limodzi? Koma ndinameza, nanga ndikanatani.

Anabwera Filimoni atavala foya, zoyera zija za akaidi, mutu ali mpala. Ndinamupatsa mbale. Anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza bwinobwino, kenako n'kuipereka kwa mkaidi wina amene anaima pambali pake. Ine ndikuona ndi maso angawa!

Ndinati, "Achimwene, nkhuku imeneyo ndaphera inu."

Iye anati, "Zikomo achimwene, ndakhuta."

Wakhuta chiyani? M'menemo amadya kamodzi patsiku, mgaiwa wosapsa ndi nandolo wofumbwa. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a masiku oyamba, zitha. Sizinathe, abale. Ndinapita ndi usipa, anapereka. Ndinapita ndi mazira, anapereka. Ndinaitanitsa mbewa kuchokera ku Dedza, ndiwo imene Filimoni sankagawirako munthu ngakhale pang'ono, nazonso anapereka. Lamulungu lililonse tikaweruka muno, ine ulendo. "Lawani." Ndilawa. Filimoni alandira, athokoza, apereka. Mapeto ake ine wolawa ndinayamba kunenepa, mwini mbale akutha ngati sopo. Mukuseka? Ine sindinkaseka.

Kunyumbanso moto. Mkazi wanga, amake Chisomo, ali apo, anene ngati ndikunama. Ankati, "Bambo a Chisomo, ana anu akudya bonongwe, nyama ikukanenepetsa mbava zosazidziwa. Nzeru zake ndi ziti?" Ndinkamukalipira, koma mumtima ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinkapemphera, koma pemphero lake linali lokangana. Ndinkati, "Ambuye, ndinu amene munatituma kukaona am'ndende. Ndapita. Nsapato zatha. Nanga munthu wanuyu akukaniranji kudya? Mukufuna ndichite chiyani, ndimutafunire?" Kumwamba kunali zii.

Itatsala miyezi yochepa kuti Filimoni atuluke, anamuika m'gulu la akaidi okhulupirika, amene amatuluka m'mawa kukagwira ntchito kunja, madzulo n'kubwerera. Umenewo ndi mwayi waukulu. Munthu amapuma mpweya wabwino, amaotha dzuwa, sakhala tsiku lonse m'chipinda chothithikana mmene anthu akutsokomolerana chifuwa chachikulu. Ndiye taonani Mulungu, gulu lawo analituma kudzakumba ngalande mumsewu wa kwathu konkuno, pafupi ndi pamene ndimakonza njinga. Ndinati basi, pemphero layankhidwa, tsopano adya. Enanu munadutsapo pamsewu umenewo. Munamuona Filimoni ali m'ngalande ndi khasu, n'kuyang'ana kumbali ngati mwakumana ndi apongozi. Ndinakuonani, ndinali pansi pa mango.

Msilikali wowalondera anali bambo wachikulire wa kumpoto, munthu wofatsa. Anandilola kubweretsa chakudya masana akamapuma, koma lamulo lake lomwe lija, "Lawani." Ndilawa. Filimoni alandira, athokoza, apereka kwa anzake. Tsiku lina msilikali uja anandikokera pambali.

Anati, "Mdala, mnzanuyu mwamuona miyendo? Tapitani mukadine."

Ndinapita, n'kudina chala pamsongolo pake. Chala chinalowa, abale, ndipo nditachotsa panatsala dzenje.

Msilikali anati, "Akangogwa pantchito pano, ine ndimubweza m'kati. Ndipo mmene alilimu, akabwerera m'kati muja satulukamo akuyenda yekha."

Apo ulemu unandithera. Za achimwene ndinaziiwala. Ndinati, "Iwe Filimoni! Ukufuna kundipha ndi mtima? Ndakulakwira chiyani ine? Ana anga agona ndi bonongwe chifukwa cha iwe, mkazi wanga sakundilankhula bwino chifukwa cha iwe, pageti paja andiyesa mfiti zaka zoposa ziwiri chifukwa cha iwe. Ngati wasankha kufa undiuze, ndileke kuwononga nkhuku, ndiyambe kufunafuna matabwa!"

Anakhala pamphepete pa ngalande, khasu lili pakati pa miyendo. Analankhula motsitsa, mpaka ndinachita kuwerama.

Anati, "Achimwene, maliro aja sindinapepese. Mwana wa eni anaikidwa m'manda ine ndili m'chitolokosi. Sindinakhale pasiwa, sindinagwireko fosholo, sindinagwade pamaso pa amayi ake. Nsima ya kundende ndimadya chifukwa ndi chilango. Koma chakudya cha kunyumba, chophikidwa ndi chikondi, chimandikanika pakhosi. Kuli mayi kwinakwake amene akuphika mbale imodzi yochepa chifukwa cha ine."

Zaka ziwiri, abale! Zaka ziwiri osandiuza! Ndinafuna kumumenya, ndinafunanso kulira. Ndinapita kunyumba n'kumuuza mkazi wanga. Anang'ung'udza, inde, koma ndi iye amene anati, "Maliro sapepesa munthu mmodzi, ndikuperekezani." Anatapa ufa m'beseni, ine n'kugwira nkhuku, tinafunsira njira mpaka tinawapeza mayi a mnyamata uja ku Chinsapo.

Tinaodira. Anatuluka mayi wochepa thupi, wa imvi, atamanga chitenje chakutha. Nditanena kuti ndine mnzake wa dalaivala uja, ngakhale mphasa sanatiyalire. Tinagwada pafumbi. Ndinati, "Amayi, tabwera kudzapepesa maliro m'malo mwa mnzathu. Akanabwera yekha, koma ali m'manja mwa boma. Akukumba ngalande ku Kawale, miyendo yatupa, akukana kudya chifukwa sanakupepeseni."

Mayi aja anati, "Mwabwera kudzapepesa manda atamera udzu? Mwana wanga ndiye ankandidyetsa. Mnzanuyo atupe mpaka aphulike." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ufa ndi nkhuku tinazisiya pakhonde.

Ndinatopa, abale. Ndinatopa ndi Filimoni, ndinatopa ndi inu, ndipo Abusa mundikhululukire, ndinatopa ndi kupemphera. Ndinamuuza mkazi wanga kuti asaphikenso za kungalande. Masiku angapo ndinkangokhala pansi pa mango, ndikumata machubu, ndikumuona mnzanga akukweza khasu ngati akukweza thumba la simenti.

Ndiye tsiku lina masana, akaidi atakhala pamthunzi, ndinangomva mawu kumbuyo kwanga, "Ndi uti?" Kucheuka, mayi aja a ku Chinsapo, atanyamula kambale kokulunga m'nsalu. Ndinamuloza Filimoni, n'kuwatsatira pambuyo sipanala ili m'manja.

Msilikali anawaimitsa. "Mayi, mkaidiyu ndi ndani wanu?"

Anati, "Ndine mayi wake wa mwana amene anamugunda."

Ngakhale akaidi ena analeka kutafuna. Msilikali anapukusa mutu, anati, "Ayi mayi, chakudya chimenechi sindingachilole."

Filimoni anadzuka ndi miyendo yake yotupa ija, n'kugwada m'matope. Anati, "Bwana, ilekeni mbaleyo ibwere. Asalawe munthu. Chilichonse chimene chili m'menemo ndi changa."

Abale, lamulo lija limene ndinkalitukwana zaka zonsezi, tsiku limenelo ndinalimvetsa. Mayi amene anandiuza kuti mnzanga atupe mpaka aphulike, lero wamuphikira? Ndinaganiza za mankhwala a makoswe. Koma ndinaganizanso kuti mbale imeneyi ikabwerera, Filimoni sadzadyanso. Ndinati, "Bwana, ine ndine wolawa wake. Ndilawa ine." Musandiyese wolimba mtima. Ndinkangoona nkhope za ana anga.

Mayi aja anamasula nsalu. Munali futali, mbatata yophika yotendera nsinjiro. Nditatambasula dzanja, anandimenya pamkono, phwa! "Chotsani dzanja lanu la girisi." Anatapa okha, n'kuika m'kamwa, n'kutafuna pang'onopang'ono akumuyang'ana msilikali. Anameza. Anatapanso kachiwiri, kuchokera pansi penipeni pa mbale, n'kumezanso. Msilikali anasuntha, n'kuwasiyira njira.

Anaima pamaso pa Filimoni. Iye anangoti, "Pepani amayi. Pepani. Pepani," chipumi chili pansi.

Mayi aja anati, "Usaganize kuti ndaiwala. Sindinaiwale, ndipo kaya ndidzaiwala. Koma ndamva kuti amayi ako ali moyo ku Dedza. Ine ndikudziwa mmene zimakhalira kulandira bokosi la mwana. Sindikufuna mayi wina alilandire m'dzina la mwana wanga. Kupepesa kwako ndakumva. Dzuka, idya."

Anadya, abale! Filimoni anadya! Misozi ikugwera m'mbale, iye akudya, mpaka anakomba ndi chala. Aleluya! Koma ndisaname, ngakhale pamenepo kamtima kanga kanadandaula. Ndinati, "Ambuye, ine nkhuku zonse zija, mazira, mbewa za ku Dedza, iye kukana. Lero mbatata, wamaliza mbale!" Mulungu ali ndi njira zake, ndipo safunsira kwa wokonza njinga.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ndinkabweretsa ankadya. Miyendo inaphwa, sanagwe pantchito, sanabwezedwe m'kati. Ngalande anaimaliza, ndi imene ija madzi akuyendamo bwino pano. Lachisanu lapitali anatuluka, akuyenda ndi miyendo yake, ndipo Loweruka tinapita ku Chinsapo, mayi aja anatuma mwana wa mlongo wawo kuti akatilozere manda, Filimoni n'kukalambula udzu wonse. Sindikunamizani kuti zonse zatha ayi. Mayi aja sanafikebe pokhala naye mphasa imodzi. Ntchito alibe, ana ake akadali kumudzi. Koma ali moyo.

Filimoni, achimwene, taimirirani. Musabisale kuseri kwa chipilala, imirirani akuoneni. Ameneyo ndiye, abale. Besi wathu uja.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope pamene ine ndinatopa. Ndikuthokoza mkazi wanga, amene ankang'ung'udza koma moto ankasonkha. Muwapempherere mayi a ku Chinsapo, amene anachita chimene tonse muno tinalephera. Ndipo Lamulungu likubwerali ine ndidzakhalanso pasiteji, chifukwa m'kati muja mwatsala anthu amene alibe wowalawira. Musandikwezere manja, manja ndinawaona kale. Ndikufuna mapazi.

Tsopano kondwerani nane! Amayi, nthungululu zili kuti? Achinyamata, ng'omayo isagone! Tikaweruka musathamangire kunyumba. Panja pali beseni la futali, waphika mkazi wanga, ndipo wogawa ndi Filimoni. Mudzere pamenepo nonse, mumugwire chanza, mumuyang'ane kumaso, mulandire mbale kuchokera m'manja mwake. Ndipo lero palibe amene alawe poyamba. Ameni!