Ndinalemba "kutola" ndikudziwa kuti nkhani ndi "kudula"

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine vuto langa silinali matenda kapena njala ayi, koma manyazi amene ndinadziputira ndekha.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri la Chongoni. Amayi a m'mudzi anandisankha kuti ndikawaimire mu komiti yoteteza nkhalango, chifukwa ndinkawaphunzitsa kuumba mbaula zadothi zosatha nkhuni. Mu komitimo mkazi ndinali ndekha, ndiye anangondipatsa cholembera. Tsiku lokhazikitsa malamulo, apampando anati, "Lembani amayi, wopezeka akutola nkhuni m'nkhalango alandidwe." Mumtimamu ndinkadziwa bwino kuti kutola si kudula. Mayi amatola zouma, zogwa zokha, pomwe akumaliza phiri ndi ootcha makala amene amagwetsa mitengo yaiwisi. Koma ndinaopa kuoneka wamwano pakati pa abambo, ndipo ndinalemba.

Woyamba kugwidwa anali a Nachisale, mayi wamasiye wa mumphakati wathu wa tchalitchi. Olondera nkhalango anawatula mtolo pamutu anthu akuona, njinga za makala zikudutsa panjira yomweyo. Lamulungu kutchalitchi amayi anandisiyira benchi yonse ndekha. Ndikafika pachitsime nkhani zinkangoti zii. Manyazi anandigwira moti ndinasiya kupita kumphakati, n'kumangobisala kumunda. Pemphero la Korona ndinkalephera kulimaliza, ndinkangoti, "Ambuye, ndawapereka anzanga, ndichotseni paudindowu."

Yankho silinabwere momwe ndinkafunira. M'mawa wina ndikupalira kachewere, ndinaona a Nachisale akutsika ndi kanjira kulunjika pomwe ndinali. Kunena zoona, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Tamva kuti mukufuna kutula pansi udindo," anatero.

"Sindingathenso, amayi. Ndinakulakwirani."

"Munalakwadi. Nanga inu mukachoka, liwu lija akafufute ndani? Tiyeni, ine ndikakhala pambali panu."

Pamsonkhano wotsatira anabweradi, atatsogolera amayi ena ambiri. Ndinaimirira n'kuvomera pamaso pa onse kuti ndinalemba chinthu chomwe ndinkadziwa kuti n'chopondereza. Abambo ena anayamba kung'ung'udza kuti lamulo silibwerera. A Nachisale anangofunsa modekha, "Kodi mtengo wouma kale, ife taupha bwanji?" Tsiku lomwelo lamulo linasintha, amayi analoledwa kutola zouma masiku oikika, chilango chinapita kwa ogwetsa mitengo, ndipo amayi enanso awiri analowa mu komiti.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiwombola kudzera mwa munthu yemwe ndinamuchititsa manyazi. Anga sanatheretu, mpaka pano ndikakumana nawo ndimayang'ana pansi, iwo n'kumandiseka. Amayi anzanga, akakupatsani mpando musakangokhalapo kuti mudzaze malo, kalankhuleni zomwe anakutumani. Ndipo mukalakwa musataye mtima, bwererani mukakonze. Ine ndinathawira kumunda, koma Ambuye ananditsatira komweko.